Amalinyero a pa Nyanja ya Malawi

Mwana aliyense wa sukulu amaphunzira kuti Malawi ndi dziko losagundana ndi nyanja yamchere, lozunguliridwa ndi Tanzania, Mozambique ndi Zambia. Chimene sichitchulidwa kawirikawiri n'chakuti dziko lomweli lili ndi amalinyero ake: makaputeni, mainjiniya, oponya nangula, oyendetsa maboti, ophika ndi alembi a katundu, anthu amene amagona ndi kudzuka pamadzi. Nyanja ya Malawi ndi yotalika makilomita oposa 560, m'malo ena m'lifupi mwake mumafika makilomita 75, ndipo chakumpoto ndi yakuya pafupifupi mamita 700. Madzi ochuluka chotero sawolokedwa mwachibwana. Kwa anthu a ku Likoma, Chizumulu, Usisya ndi Ruarwe, amalinyero amenewa ndiwo msewu wawo, chifukwa ufa, simenti, mankhwala, mphunzitsi watsopano ndi wodwala wotumizidwa ku chipatala chachikulu, zonse zimadutsa m'manja mwawo.

Ntchitoyi inayamba kalekale ndi opalasa mabwato ndiponso oyendetsa zombo za matanga, zimene m'masiku a Jumbe wa ku Nkhotakota zinkawolotsa minyanga ya njovu ndi akapolo kupita kutsidya la kum'mawa. Sitima yoyamba ya injini inalowa m'nyanjayi mu October 1875. Inabwera ndi amishoni a ku Scotland, motsogozedwa ndi E. D. Young, pamodzi ndi Dr Robert Laws, ndipo anaitcha Ilala pokumbukira dera la ku Zambia kumene David Livingstone anamwalirira mu 1873. Pofika pa mathithi a mtsinje wa Shire anaiphwasula, ndipo anthu mazanamazana a m'derali anasenza zidutswa zake pamutu mpaka kumtunda kwa mathithiwo, kumene anailumikizanso. Choncho tingati antchito oyamba a sitima za pa nyanja yathu anali amtengatenga aja, ngakhale kuti mayina awo sanalembedwe.

Pambuyo pake sitima zinachuluka. Kampani ya African Lakes, ija tinkaitcha Mandala, inali ndi zake monga Domira. Amishoni a Anglican a UMCA anayamba kuyendetsa Chauncy Maples mu 1901, sitima imene anaipatsa dzina la bishopu wawo amene anamira m'nyanja yomweyi mu 1895. Boma la atsamunda linali ndi Guendolen, imene mu August 1914 inapita ku Sphinxhafen, kumene lero ndi ku Liuli m'dziko la Tanzania, n'kukaononga sitima ya Ajeremani yotchedwa Hermann von Wissmann nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba kumene. Sitima zonsezi zinkayendera nthunzi, ndipo moto wake unali wa nkhuni. M'magombe munali malo osungira nkhuni, anthu ankadula ndi kuunjika mitengo kudikira sitima, ndipo pansi pa sitimayo panali amuna osonkhezera moto usana ndi usiku. Makaputeni anali azungu, koma thukuta linali la Atonga, Anyanja ndi Ayao a m'mbali mwa nyanja.

Ilala imene tikuidziwa lero ndi yachiwiri. Inapangidwa mu 1949 ndi kampani ya Yarrow ku Glasgow, inabwera m'zidutswa kudzera pa doko la Beira ndi pa njanji, ndipo inayamba kunyamula anthu mu 1951 pansi pa kampani ya Nyasaland Railways. Ndi yotalika pafupifupi mamita 52. Kwa zaka zambiri ndandanda yake yakhala yonyamuka ku Monkey Bay Lachisanu, kudzera ku Nkhotakota, Likoma, Chizumulu, Nkhata Bay, Usisya, Ruarwe ndi Mlowe mpaka ku Chilumba, kenaka n'kubwerera njira yomweyo kudzafika kwawo pakati pa sabata yotsatira. Mmalinyero wa pa Ilala amakhala masiku ambiri a sabata ali pamadzi, ndipo pakhomo pake amangofikapo ngati mlendo.

Pa sitima aliyense ali ndi malo ake, ndipo mawu omaliza ndi a kaputeni. Iye ndiye amayankha pa moyo wa munthu aliyense amene wakwera, ndiye amalamula kunyamuka kapena kudikira, ndipo akati katundu wakwana, ngakhale mwini katundu adandaule chotani, thumba lina silikweranso. Pansi pake pali maofesala amene amalandirana mashifiti m'chipinda chapamwamba chowongolerera sitima. Iwowa amayang'ana mapu, kampasi, makina oonera zinthu patali ndi makina oyezera kuya kwa madzi. Komabe makina sanena zonse. Ofesala wokhwima amadziwa pamene pali miyala yobisika pafupi ndi zilumba, amadziwa kuti ku Nkhotakota madzi ndi osaya ndipo sitima iyenera kuima patali, amazindikira phiri lililonse la m'mbali mwa nyanja ngakhale mumdima. Usiku amayeneranso kupenyetsetsa nyali za asodzi a usipa zimene zimadzaza nyanja, kuti asagunde bwato kapena kudula chilimira cha munthu.

Kunsi kwenikweni kuli chipinda cha injini, kumene okwera ambiri safikako. Kumeneko n'kotentha, kwaphokoso moti anthu amalankhulana ndi manja, ndipo fungo la dizilo limalowerera m'zovala. Mkulu wa mainjiniya ndi anyamata ake amayang'anira injini, majenereta opereka magetsi, mapampu otulutsa madzi ndi mapaipi onse. Amayenda ndi nsanza m'thumba, kugwira apa, kumvetsera apo, kuona mlingo wa oilo ndi kutentha kwa makina. Mmisiri wozolowera amamva ndi khutu lokha kuti injini yasintha kaliridwe, vuto lisanaoneke. Chinthu chikathyoka pakati pa Likoma ndi Nkhata Bay palibe sitolo yoti n'kuthamangirako, ndiye amakonza ndi zimene ali nazo. Kuti sitima yopangidwa mu 1949 ikhale ikuyendabe mpaka lero, ulemu waukulu upite kwa anthu amenewa, pamodzi ndi owotcherera zitsulo, akalipentala ndi opaka penti a pa malo okonzera sitima ku Monkey Bay.

Ntchito imene wokwera aliyense amaiona ndi maso ndi ya amalinyero a pabwalo la sitima, ndipo imaonekera bwino m'malo opanda doko lomangidwa. Sitima ikayandikira ku Ruarwe kapena ku Usisya imaliza hutala, liwu lake n'kubwerera kuchokera m'mapiri, ndipo mudzi wonse umatsikira kugombe. Unyolo wa nangula umakhuthuka ndi mkokomo. Kenaka amalinyero amamasula maboti awiri opachikidwa m'mbali mwa sitima n'kuwatsitsira pamadzi. Mmodzi amakhala pa injini ya boti, wina amaima kutsogolo ndi chingwe, ena amaima pakhomo la sitima kulandira anthu. Boti limakwera ndi kutsika ndi mafunde pamene khomo la sitima lili pamodzimodzi, choncho mmalinyero amadikira funde linyamule boti, ndipo pa kamphindi komweko amagwira dzanja la agogo n'kuwakokera mkati. Khanda limayamba ndilo kudutsa, kuchoka m'manja mwa mayi kupita m'manja mwa mmalinyero, mayiyo n'kutsatira. Amakuwa kuti, "Dikirani kaye mayi, musaponde! Tsopano bwerani!" Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo apa wopupuluma amagwera m'madzi.

Anthu akatha, kapena nthawi zina limodzi ndi anthuwo, pamabwera katundu: matumba a usipa wouma, mabasiketi a chinangwa, nthochi, malata, matumba a simenti, njinga, mabedi, makireti a zakumwa, mbuzi ndi nkhuku. Boti limapita kugombe n'kubwerera kangapo, nthawi zina pakati pa usiku mowunikira ndi nyali za sitima. Mlembi wa katundu amalemba chilichonse ndi kumene chikatsikire, pakuti thumba la ku Chizumulu likaikidwa pansi pa katundu wa ku Chilumba, sitima idzachedwa maola ambiri pofukula. Kulongedza nakonso kuli ndi nzeru zake. Zolemera zimapita pansi ndi pakati, ndipo mbali ziwiri ziyenera kulemera mofanana. Ogulitsa ndi kuona matikiti amapanikizana ndi khamu m'chipinda chapansi cha anthu wamba, pamene ophika ndi operekera zakudya amakonza nsima, mpunga, nyemba ndi nsomba pa moto umene ukupendekera uku ndi uku.

Mdani wamkulu wa onsewa ndi mphepo. Kuyambira cha mu May mpaka August kumawomba mwera wochokera kum'mwera chakum'mawa, umene umatha kukuntha masiku angapo osaleka ndi kuutsa mafunde aatali kuposa munthu. M'nyengo ya dzinja kumabwera mpoto, kawirikawiri modzidzimutsa, pamodzi ndi mvula ndi ziphaliwali. Mwera ukalimba, okwera amagona pansi ndi mseru ndi chizungulire, koma mmalinyero alibe mwayi wogona. Amamanga katundu, amatseka zitseko ndi mazenera a m'munsi, amatonthoza amene agwidwa ndi mantha. Aliyense wa ntchito imeneyi amadziwa mbiri ya Vipya, sitima yatsopano imene inagubuduzika ndi namondwe pa 30 July 1946 kufupi ndi Chitimba, kumene kale kunkatchedwa Florence Bay, ndipo anthu 145 anafa. Ngoziyi ndiyo imakumbutsa chifukwa chimene kaputeni amakanira katundu wopitirira muyeso, ndi chimene nthawi zina amaimitsira sitima pamalo obisika kudikira kuti nyanja ikhale bata. Wokwera amene akung'ung'udza kuti sitima yachedwa angachite bwino kudziwa kuti kuchedwako kawirikawiri ndiko kumamufikitsa wamoyo.

Kale luso limeneli munthu ankaliphunzira pa sitima pomwepo, kuyamba ndi kukolopa ndi kukoka zingwe mpaka kukwera pang'onopang'ono. Masiku ano kuli sukulu yophunzitsa za pamadzi ku Monkey Bay, kumene achinyamata amaphunzira kuyendetsa sitima kapena uinjiniya wa makina ake, ndipo nthambi ya boma yoona za maulendo a pamadzi ndiyo imapereka ziphaso ndi kuyendera sitima ngati zili zoyenera kunyamula anthu. Wophunzira amayenera kudziwa masamu, kuwerenga mapu, malamulo a kapewedwe ka ngozi, kuzimitsa moto, chithandizo choyamba ndi kupulumutsa munthu wogwera m'madzi. Akamaliza za m'kalasi amakakhala nthawi pa sitima pansi pa akuluakulu, chifukwa chiphaso chokha sichidziwa mwera. Kumeneko ndi kumene amalandira nzeru zosalembedwa: mtundu wa mitambo yochenjeza, kamvekedwe ka nangula akagwira mchenga kapena mwala, ndi kalankhulidwe kabwino ndi khamu la anthu otopa.

Ntchitoyi ili ndi zowawa zake. Munthu amasemphana ndi maliro a abale, zinkhoswe ndi matenda a ana chifukwa uthenga umamupeza ali kutali ndi mtunda. Tulo take ndi ta maola owerengeka, pakati pa doko ili ndi linalo. Msana ndi mapewa zimatha ndi kunyamula, makutu a mainjiniya amafooka ndi phokoso. Mwayi wa ntchito nawonso ndi wochepa, popeza sitima zazikulu zoyenda pa nyanjayi n'zowerengeka, ndipo katundu wambiri amene kale ankadutsa pa Chipoka ndi Chilumba tsopano amayenda pa malole. Sitima ikakhala pa doko miyezi yambiri kudikira zipangizo, luso la anthu ake limangokhala. Pamene Ilala inaima nthawi yaitali kuyambira mu 2012 kuti aiike injini zatsopano, anthu a ku zilumba anaona okha tanthauzo la kusowa kwake: zinthu zinakwera mtengo, ndipo ambiri anakakamizika kuwoloka pa maboti a matabwa odzaza mopitirira.

Pali chinthu chimodzi chimene amalinyerowa amachita chimene sichilembedwa pa chikalata chawo cha ntchito. Likoma ndi Chizumulu ndi nthaka ya Malawi yozunguliridwa ndi madzi a Mozambique. Midzi ya pansi pa mapiri a kumpoto kwa Nkhata Bay ili kumene galimoto imafika movutikira kapena siifika n'komwe. Kwa anthu a kumeneko, umboni wooneka ndi maso wakuti iwo ndi mbali ya dziko lino ndi sitima yobwera sabata ndi sabata, itanyamula mabuku a sukulu, katemera ndi abale ochokera ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Pa sitimapo pamamveka Chichewa, Chitonga, Chitumbuka, Chiyao ndi Chinyanja cha ku Likoma, ndipo mmalinyero amayankha aliyense.

N'chifukwa chake nkhani ya sitima za pa nyanja isamathere pa chitsulo chokha. Ilala yatumikira zaka zoposa 70 ndipo ikufunika ina yoilowa m'malo, madoko akufunika kukonzedwa, koma sitima yatsopano ingagulidwe m'chaka chimodzi pamene kaputeni kapena mkulu wa mainjiniya amatenga zaka zambiri kuti akhwime. Akuluakulu amene akudziwa mwala uliwonse wa pakati pa Monkey Bay ndi Chilumba akupuma ntchito mmodzimmodzi. Boma ndi makampani oyendetsa sitima awalipire moyenera, awapatse zida zodzitetezera zokwanira, ndipo aike anyamata ndi atsikana ambiri pambali pawo adakalipo, kuti nzeru zimenezi zipeze wozilandira.