Adaona zomwe makina ankalephera kuonetsa

Kwa zaka zoposa 100, asayansi ankadziwa kuti maikulosikopu yodalira kuwala singasiyanitse tinthu toyandikana kwambiri m'kati mwa selo. Koma Xiaowei Zhuang, mayi wobadwira ku China mu 1972, sadagwe nazo mphwayi.

Mu 2006, ali ndi zaka 34 pa yunivesite ya Harvard, iye ndi gulu lake adatulukira njira yotchedwa STORM. Amaika utoto wowala pa timamolekyu n'kumatiyatsa tochepatochepa ngati ziphaniphani, kuti kalikonse kaoneke pakokha. Akaphatikiza zithunzizo, selo imaoneka bwino kakhumi kuposa kale.

Mu 2015 adabweretsanso MERFISH, njira yosonyeza majini amene akugwira ntchito m'selo iliyonse. Ofufuza za ubongo ndi khansa akuigwiritsa ntchito pofuna kumvetsa pomwe matenda amayambira.