MPATA WA ZITSULO ZA NJANJE NDI ULENDO WA KATUNDU KU DOKO

Ku Nkhotakota kulibe njanje. Mpunga wa m'madambo a kumeneko ndi shuga wa ku Dwangwa zichoka pa galimoto, ndipo njanje imene ili pafupi ndi ya ku Salima. Komabe mlimi wa m'mbali mwa nyanja ayenera kudziwa za njanje, pakuti feteleza amene athira m'munda atsikira ku madoko a kunyanja yamchere, ndipo ndalama za ulendo wonsewo alipira ndi munthu wogula.

Muyeso wa njanje

Njanje ndi zitsulo ziwiri zogonekedwa moyang'anizana. Mpata wa pakati pake suyenera kusintha, chifukwa magudumu awiri a ngolo ali omangidwa pa mtanda umodzi wachitsulo, ndipo sangayandikizidwe kapena kutalikitsidwa. M'Malawi mpatawo ndi mapazi 3 ndi mainchesi 6, ndiye kuti mamilimita 1,067. Muyeso umenewu unasankhidwa ku Cape m'chaka cha 1873, pakuti njanje yopapatiza siidya ndalama zambiri pomanga, ndiponso ikhota bwino m'mapiri. Njanje zazikulu za ku Zimbabwe, Zambia ndi Mozambique zili ndi muyeso womwewo. Motero ngolo yopakiridwa ku Salima ingathe kutsikira ku Nkaya, kudutsa malire pa Nayuchi, ndi kufika ku doko la Nacala popanda thumba limodzi kutsitsidwa panjira.

Kumene miyeso isiyana

Ku Tanzania zinthu sizili tero. Njanje yakale imene anamanga Ajeremani ili ndi mpata wa mamilimita 1,000. Njanje ya TAZARA, imene dziko la China linamanga ndi kutsiriza mu 1975 kuchokera ku Dar es Salaam kufika ku Kapiri Mposhi, ili ndi 1,067 kuti ilumikizane ndi ya ku Zambia. Kusiyana kwake ndi kwakung'ono ngati kutalika kwa chala, koma ngolo ya njanje ina siingayende pa inzake. Tsono pamene njanje ziwirizo zikomana, katundu ayenera kutsitsidwa ndi kupakiridwanso. Pamenepo masiku atayika, matumba ang'ambika, ndipo mtengo ukwera. Mu 2024 dzikolo linayamba kuyendetsa sitima pa njanje yachitatu, ya mamilimita 1,435.

Ndalama za kunja

Kumanga njanje kufuna ndalama zambiri, ndipo njanje za dziko lino zinamangidwa makamaka ndi chuma chochokera kunja. Kampani ya Angerezi inatsegula njanje ya ku Port Herald, ndiko ku Nsanje, kufika ku Blantyre mu 1908. Mu 1935 ulalo waukulu wa pa Zambezi unatha, ndipo chaka chomwecho sitima inafika ku Salima kudzera pa Chipoka, pamene njanje ikomana ndi nyanja. Koma njira ya ku Beira imeneyi inamangidwa ndi ngongole, ndipo Boma la Nyasaland linasenza chiwongoladzanja chake zaka zambiri, ndalama zimene zikadathandiza pa sukulu ndi zipatala.

Njira ya ku Nacala inatsegulidwa mu 1970. Dziko la Canada linathandiza kufikitsa njanje ku Lilongwe mu 1979, ndipo pambuyo pake inafika ku Mchinji. Mu 1999 Boma linapereka ntchito yoyendetsa sitima kwa kampani ya Central East African Railways. Kenaka kampani ya Vale ya ku Brazil, pofuna kutumiza malasha a ku Moatize ku Nacala, inamanga njanje yatsopano yodutsa m'Malawi kukalumikiza pa Nkaya, nikonzanso yakale ya ku Nayuchi. Njira yonseyo, ya makilomita 912, inatsegulidwa mu 2017, ndipo mu 2022 Vale inaigulitsa kwa kampani ya Vulcan, ya Amwenye.

Vale inasunga muyeso wa 1,067. Ikadasankha wina, sitima za malasha zikadangodutsa m'dziko ngati mlendo wosapereka moni, ndipo ngolo ya ku Salima siikadapondapo.

Zoyenera kufunsa

Kampani ya kunja siimanga njanje chifukwa cha chifundo. Ifuna katundu wake afike ku doko. Palibe choipa pamenepo, malinga ngati eni dziko apindulanso. Choncho pakamveka mbiri ya njanje yatsopano, anthu a ku Nkhotakota afunse aphungu awo mafunso atatu. Kodi mpata wake ulingana ndi wa njanje ya ku Salima? Kodi mpunga, shuga ndi feteleza zidzapatsidwa malo pa sitimazo? Nanga ngongole yake adzabweza ndani?

Aphunzitsi angathe kulemba mizere iwiri pabwalo la sukulu, yotalikirana mapazi 3 ndi mainchesi 6, kuti ana aone ndi maso awo muyeso umene ulumikiza Salima ndi nyanja yamchere.