Chifukwa chiyani masipika aakulu ankangonong'ona pa laputopu yanga?

Msuweni wanga anandipatsa masipika awiri a home theater, makina ake atawonongeka. Ndinadula waya wa mahedifoni akale n'kuwalumikiza ku laputopu, ndili ndi chikhulupiriro choti nyumba yonse igwedezeka. Mawu anatulukadi, koma ngati kulira kwa udzudzu. Timasipika tanga ta padesiki, totalika ngati kapu ya tiyi, tinkamveka kuposa zimphonazi. Vuto linali pati?

Tiyambe ndi mmene sipika imagwirira ntchito. Mkati mwake muli maginito, waya wokulungidwa wotchedwa coil, ndi chipepala chooneka ngati mbale yakuya. Magetsi akamadutsa mu coil akusinthasintha kolowera, maginito amaikankha ndi kuikoka, chipepala chija n'kumanjenjemera ndi kukankha mpweya. Kunjenjemera kwa mpweyako ndi kumene khutu limamva ngati mawu. Ndi motor effect yomwe ija ya mu Physics. Koma kuti chipepalacho chigwedeze mpweya wa chipinda chonse, pamafunika mphamvu ndithu.

Bowo la mahedifoni, la 3.5 mm, limatulutsa mphamvu yongokwanira timasipika ta m'makutu. Choncho pakati pamafunika ampulifaya, imene imalandira mawu ofookawo n'kuwakulitsa pogwiritsa ntchito magetsi ochokera kwina. Kusiyana kwakukulu kwagona apa. Masipika a kompyuta ali ndi ampulifaya mkati, n'chifukwa chake amakhala ndi waya wapakhoma kapena wa USB. Masipika ambiri a home theater alibe: ampulifaya yawo imakhala m'bokosi lapadera lotchedwa receiver, kapena mkati mwa bokosi la besi. Ine ndinapatsidwa ngolo popanda ng'ombe.

Kusiyana kwina n'kwa ntchito. Masipika a kompyuta anapangidwira munthu wokhala pafupi, mita imodzi kapena kuchepera, ndipo amakhala awiri, kumanzere ndi kumanja. Home theater anaipangira chipinda chonse. Mukaona 5.1, ndiye kuti pali masipika asanu: awiri kutsogolo, imodzi pakati yotulutsa mawu a anthu olankhula mufilimu, ndi awiri m'mbali chakumbuyo. Nambala 1 ija ikuimira subwoofer. Khutu la wachinyamata limamva kuyambira pa 20 Hz mpaka 20,000 Hz, ndipo subwoofer imangosamala za pansi penipeni, cha m'ma 120 Hz kutsika. Ndi besi ija mumaimva m'chifuwa.

Nanga mungalumikize bwanji laputopu ku home theater? Njira yotchipa ndi waya wokhala ndi pulagi ya 3.5 mm mbali imodzi ndi mapulagi awiri a RCA mbali inayo. Yofiira ndi ya kumanja, yoyera ndi ya kumanzere, ndipo zimalowa polembedwa AUX. Koma wayayu amanyamula njira ziwiri zokha za mawu. Kuti sipika iliyonse ilandire mawu akeake, pamafunika HDMI kapena waya wa optical, komanso filimuyo ikhale yojambulidwa mu 5.1.

Tsono apa tcherani khutu, chifukwa ndi pamene anthu amawotchera makina. Kumbuyo kwa sipika kumalembedwa 4, 6 kapena 8 ohms. Mukalumikiza masipika awiri a 8 ohms mwa parallel pamalo amodzi, ampulifaya imaona 4 ohms. Akakhala anayi, imaona 2 ohms. Kumbukirani I = V/R: ma ohms akachepa, current imakwera, ampulifaya imatentha, ndipo ikhoza kupsa. Werengani kaye zolembedwa kumbuyo kwake, ndipo zimitsani makina musanakhudze mawaya.

Samalaninso + ndi −. Mukatembenuza mawaya a sipika imodzi, iyo imakoka mpweya pamene inzake ikukankha, besi n'kufooka. Zizindikiro zikafufutika, gundani mawaya a sipika ku batire la 1.5 V kwa kamphindi kochepa. Chipepala chikatulukira kunja, waya umene uli ku + ya batire ndiye wa +.

Ine ndinadzapeza ampulifaya yakale ya 8 ohms, ndipo masipika aja analankhula mpaka amayi anabwera kudzandiuza kuti nditsitse. Panopa ali pabalaza, timaonera mpira. Padesiki ndinabwezerapo tating'ono tija.