Bwemba Ndi Chuma: Musaugwetse Chifukwa Cha Makala

Inu alimi ndi matenanti a ku Neno, makamaka a kunsi kotentha monga ku Lisungwi, Zalewa ndi Matope, mtengo wa bwemba mumaudziwa bwino. Koma kodi mudayamba mwaganizapo za phindu lake musanauyike nkhwangwa?

Bwemba ndi wa banja limodzi ndi nyemba ndi nandolo. Akatswiri amautcha Tamarindus indica. Kwawo kwenikweni ndi kuno ku Africa, ngakhale kuti ku India audzala kuyambira kale kwambiri. Kuno kwathu umapezeka ku Chikwawa, Nsanje, m'mbali mwa Shire ndiponso m'mphepete mwa nyanja. Umakonda kumera pachulu. Mizu yake imazama, chotero sufota ndi chilala ndipo ukhoza kufika mamita 25. Zipatso zake zimapsa m'chilimwe, ntchito ya kumunda itachepa.

Makolo athu ankaviika bwemba m'madzi ndi kumwetsa munthu wodzimbidwa kuti atsegule m'mimba. Madzi omwewo ankapatsa wodwala amene thupi latentha kuti aphe ludzu, ndipo masamba osinja ankaika pachilonda. Amayi amathira bwemba m'phala kuti likome. Komabe chenjerani: bwemba sachiza malungo. Mwana akatentha thupi, thamangirani naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Vuto lagona pa makala. Mtengowu ndi wolimba ndipo makala ake sanyeka msanga, n'chifukwa chake ootcha amaulondalonda. Mukaugwetsa mupeza ndalama kamodzi kokha, pamene wodzala ndi njere umatenga zaka 7 kapena kuposerapo kuti uyambe kubala. Wosiyidwa umabala chaka ndi chaka mpaka adzukulu anu adzadyeko. M'zaka za m'ma 1990 anthu a ku Kam'mwamba, mothandizidwa ndi bungwe la Wildlife Society of Malawi, adayamba kupanga chakumwa cha bwemba ndi malambe chogulitsa. Apo zidaoneka kuti mtengo wamoyo umabweretsa ndalama.

Pofuna kudzala, viikani njere m'madzi ofunda usiku umodzi, kenaka fesani m'machubu. Okerani mvula ikakhazikika, ndipo tchingirani mbande kuti mbuzi zisadye. Dzalani m'malire a munda kapena pakhomo, osati pakati pa chimanga kapena thonje, popeza mthunzi wake ndi wogudira. Matenanti yambani mwagwirizana ndi eni esiteti za malo odzalapo.

Pokolola, thyolani zipatso zokhwima zokha osadula nthambi. Ziumitseni bwino ndi kusunga pouma kuti zisafumbwe. Mukafuna malangizo ena, onanani ndi mlangizi wa zaulimi wa m'dera lanu.