Chimfine Chosatha ndi Ziwengo: Zimene Banja Lingachite Pakhomo

Chilimwe chikafika, pamene mphepo ikuulutsa fumbi ndipo tchire likupsa, m'mabanja ambiri mumamveka kuyetsemula kosalekeza. Mwana amatuluka mamina amadzimadzi, maso ake amafiira ndi kuyabwa, koma thupi silitentha. Usiku sagona bwino, ndipo m'maŵa amangosinza m'kalasi. Makolo ena amati ndi chimfine wamba, ena amayamba kukayikira anansi. Komatu chimfine wamba chimatha patapita sabata imodzi kapena ziŵiri, pamene ichi chimakhala miyezi ndi kubweranso chaka ndi chaka.

Gwero lake nlakuti thupi la munthu wotere limadana ndi zinthu zimene kwa ena sizivuta: mungu wa udzu ndi mitengo, chuku, ubweya wa mphaka, mphemvu, ndiponso tizilombo tosaoneka ndi maso tokhala m'zofunda. Zinthuzi zikaloŵa m'mphuno, thupi limaziyesa adani, ndipo limatulutsa mankhwala otchedwa histamine amene amatupitsa ndi kuyabwitsa. M'chaka cha 1873 dokotala wa ku Manchester, Charles Blackley, anaonetsa poyesera pa thupi lake lomwe kuti mungu ndiwo umadzetsa chimfine chotere. Nthendayi sipatsirana, koma kaŵirikaŵiri imayenda m'mtundu.

Njira yoyamba, yosalira ndalama, ndiyo kudziŵa chimene thupi likudana nacho ndi kuchipeŵa. Mayi kapena bambo alembe m'kabuku tsiku limene mwana wadwala, kumene anali ndi zimene anadya. Patapita milungu ingapo mdaniyo amaonekera. Posesa, yambani mwawaza madzi pansi, ndipo wodwalayo apatsidwe ntchito ina. Mabulangete ndi mapilo aziyanikidwa padzuŵa, nsalu zogonera zizichapidwa ndi madzi otentha. Mphaka ndi nkhuku zisagone m'chipinda cha ana. Utsi wa nkhuni ndi wa fodya umakulitsa vutoli, choncho kumoto kukhale koloŵa mphepo. Aphunzitsi nawonso amuike mwana wotere patali ndi bolodi, ndipo asamtume kufufuta choko.

Njira yachiŵiri ndiyo kutsuka m'mphuno ndi madzi amchere. Ŵiritsani theka la lita la madzi, thiranimo supuni yaing'ono imodzi ya mchere, ndipo dikirani kuti azizire. Thirani pang'ono m'dzanja loyera, kokerani m'mphuno imodzi, kenaka inzake, ndi kuwalola kuti atuluke. Madziwo amachotsa mungu ndi fumbi. Musagwiritse konse ntchito madzi osaŵiritsa. Maso oyabwa aikidwe kansalu koviika m'madzi ozizira, osati kuwatikita. Amene wachokera kumunda asambe ndi kusintha zovala asanagone.

Ambiri amakhulupirira kuti uchi umathetsa nthendayi. Zoona nzakuti uchi umafeŵetsa pakhosi ndi kuchepetsa chifuwa, koma ofufuza a pa yunivesite ya Connecticut ku Amereka, m'chaka cha 2002, sanapeze kuti umachiza chimfine cha mungu. Ndiponso khanda losakwana chaka chimodzi lisapatsidwe uchi. Kufukiza ndi masamba a bulugamu kumangotsegula mphuno kwa kanthaŵi, ndipo ana ambiri apsa ndi madzi otenthawo. Kutema mphini nako sikuthandiza. Kumangotsegulira matenda ena khomo.

Zapakhomo zikalephera, kuchipatala kuli mankhwala oletsa mphamvu ya histamine. Ena mwa iwo, monga chlorpheniramine, amagonetsa tulo, motero woyendetsa galimoto kapena njinga asamale.

Koma pali zizindikiro zimene sizidikira m'maŵa. Munthu akadya mtedza, nsomba kapena mazira, kapenanso akalumidwa ndi njuchi, ndiyeno milomo ndi lilime nkutupa, ziwengo nkubuka thupi lonse, mpweya nkuyamba kuvuta, thamangani naye kuchipatala nthaŵi yomweyo. Iye afunika jakisoni wa adrenaline, ndipo palibe mzu kapena tsamba limene lingaloŵe m'malo mwake. Chimodzimodzinso mwana wa mphumu: asasiye mankhwala ake opopera m'kamwa chifukwa cha uphungu wa anansi.

Makolo anzanga, mwana woyetsemula chaka chonse si waulesi ndipo sanalodzedwe. Inunso anyamata ndi atsikana, musamseke mnzanu wotere. Mlandireni tsache pa tsiku lake losesa, iye akatunge madzi m'malo mwanu.