Pulogalamu ya pafoni ilowe bwanji m'malo mwa kabuku ka ngongole?

Pa msika wa Balaka, Liwonde, Ntaja ngakhale Ulongwe, mwini golosale aliyense ali ndi kabuku kake. Ndi momwe amalembamo yemwe watenga shuga pangongole, matumba a ufa omwe atsala komanso ndalama yomwe yalowa tsikulo. Kabukuko kakanyowa ndi mvula kapena tsamba likang'ambika, ngongole ya mwezi wonse imathera m'mikangano.

Achinyamata ophunzira zamakompyuta ku Zomba, Blantyre ndi ku Thyolo akuona malonda pamenepa: kulemba pulogalamu ya pafoni yosunga zonsezi n'kumagulitsa kwa amalonda. Ganizoli ndi labwino, koma kulemba pulogalamu ndi gawo laling'ono la ntchitoyi. Chovuta ndi kupeza wamalonda yemwe aziigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku n'kumalipira mwezi uliwonse.

Boma la Balaka lili ndi chitsanzo chake cha luso la pafoni lomwe lidagwira msewu. Mu 2011 bungwe la VillageReach lidayambitsa Chipatala cha pa Foni m'bomali, potengera maganizo a Soyapi Mumba, katswiri wolemba mapulogalamu yemwe ankagwira ntchito ku Baobab Health Trust, ndi Clement Mwazambumba. Awiriwa adapambana pa mpikisano wa maganizo opulumutsa miyoyo ya amayi ndi ana. Ntchitoyi idakula mpaka kufikira dziko lonse, kampani ya Airtel idathandiza kuti anthu aziimba ulere pa nambala ya 54747, ndipo pambuyo pake boma lidaitenga kuti liziyendetsa.

Sidali bizinesi, ndipo ndalama zoyendetsera zinkachoka kwa mabungwe othandiza, zomwe mnyamata woyamba yekha alibe. Komabe chomwe chidaiyendetsa n'chodziwikiratu: mayi wa kumudzi sankafunika foni yamakono kapena bandulo. Kafoni ka mabatani kankakwana, ndipo uthenga unkabwera m'chilankhulo chomwe amamva. Airtel Money pa *211# ndi TNM Mpamba pa *444# zidalowerera m'misika pa chifukwa chomwechi.

Wolemba pulogalamu wamng'ono sangapeze nambala yotere mosavuta. Pamafunika chilolezo cha MACRA komanso mgwirizano ndi makampani a mafoni, ndipo ndalama zake si za munthu woyamba kumene. Njira yomwe imamutsalira ndi pulogalamu ya pafoni ya Android, ndipo iyenera kugwira ntchito ngakhale netiweki kulibe. Wogula nandolo ku Chikweo kapena ku Nayuchi sangaimitse sikelo kudikira intaneti. Pulogalamu izilemba zonse m'foni momwemo, n'kudzazitumiza kosungira netiweki ikapezeka.

Palinso nkhani ya miyeso, yomwe wophunzira ali m'kalasi sangaiganizire. Pamsika usipa umagulitsidwa pa mulu kapena pa ndowa, tomato pa mulu, mafuta ophikira m'timapepala tomangidwa, ndipo chimanga chimalowa pa thumba la makilogalamu 50 n'kutuluka pa mbale. Mtengo wa m'mawa si wa madzulo. Kasitomala amanenerera, wina amapatsidwa mbasela. Pulogalamu yongodziwa kilogalamu ndi mtengo umodzi wosasintha idzasonyeza kuti katundu wasowa pomwe palibe waba, ndipo mwini malonda akakangana kamodzi ndi wantchito wake kaamba ka zimenezi, abwerera ku kabuku. Wolemba pulogalamu wanzeru amayamba wakhala sabata yathunthu kuseri kwa kauntala, akuona momwe ndalama ikuyendera, asanalembe chilichonse. Ku Machinga, komwe ambiri amalankhula Chiyao, mawu a m'pulogalamuyo akhale ochepa, manambala akuluakulu, osati Chingerezi cha akauntanti.

Pa mitengo m'pomwe ambiri amagwera. Wamalonda adazolowera kugula chinthu kamodzi, monga sikelo kapena wailesi, ndiye amafuna kulipira kamodzi basi. Koma pulogalamu ili ndi zolipira zosatha. Kulembetsa pa Google Play ndi madola 25 olipira kamodzi, pomwe seva yosungira zolembedwazo imalipiridwa mwezi ndi mwezi, kawirikawiri m'madola. Mu November 2023 kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo yense yemwe ankalipira seva m'madola koma akutolera makwacha adaona phindu lake likusungunuka usiku umodzi. Kupeza madolawo kubanki nakonso ndi ntchito ina.

Masamu ongoyerekeza akuonetsa kusiyanaku. Wolemba pulogalamu akagulitsa kamodzi pa K60,000, kasitomala uja azimuimbirabe foni zaka ziwiri zikubwerazi, foni ikavuta kapena wantchito watsopano akafuna kuphunzitsidwa, ndipo sipadzakhala ndalama ina. Akamalipiritsa K5,000 pamwezi, mashopu 20 amupatsa K100,000, momwe achotsemo seva, bandulo ndi thiransipoti ya pakati pa Balaka, Liwonde ndi Nsanama. Yotsalayo siingadyetse banja. Bizinesiyi imayamba kupuma mashopu akachuluka, ndipo n'chifukwa chake ambiri amaiphatikiza ndi kukonza mafoni, kusindikiza mapepala kapena u ejenti wa ndalama za pafoni pomwe akudikira.

Kulipiritsa pamwezi kumatetezanso ku kukopera. Pulogalamu imasamuka kuchoka foni ina kupita ina pa Bluetooth ngati nyimbo. Lamulo la Copyright Act la 2016 limateteza mapulogalamu a kompyuta, ndipo bungwe la COSOMA lilipo, koma palibe angapite kukhoti kaamba ka golosale imodzi ya pa Phalula. Chothandiza ndi nambala yachinsinsi yotsegulira pulogalamu, yomwe kasitomala amalandira akalipira pa Airtel Money kapena Mpamba.

Kutsatsa kwake sikwa pa Facebook. Mwini hadiweya wa pa Liwonde sagula chinthu chifukwa waona chithunzi chokongola, amagula chifukwa mnzake woyandikana naye shopu akuchigwiritsa ntchito ndipo sanadandaule. Ndi bwino kusankha malonda a mtundu umodzi, kaya ogulitsa zipangizo zaulimi, ogula mbewu kapena magulu a banki mkhonde, n'kuwadziwa mpaka pansi. Gulu la banki mkhonde lili ndi ubwino woti anthu 20 kapena 25 amagawana mtengo umodzi, ndipo vuto la kusokonekera kwa mabuku pogawana masheya kumapeto kwa chaka aliyense amalidziwa. Kudzera kwa wapampando wa msika kumatsegula makomo ambiri kuposa kulowa shopu ndi shopu ngati wosadziwika. Mwezi woyamba ukhale waulere, kabuku kakuyendabe pambali, kuti mwini malonda ayerekeze yekha ngati manambala akugwirizana.

Nyengo nayo iwerengedwe. Kupempha munthu kuti ayambe kulipira chinthu chatsopano mu January kapena February, chimanga chitakwera mtengo ndipo makasitomala akungotenga pangongole, n'kutaya nthawi. Ndalama imayenda m'maboma awiriwa anthu akakolola, thonje, mpunga ndi nandolo zikayamba kugulidwa.

Wamalonda yemwe wabweretseredwa pulogalamu yotere alinso ndi mafunso ake asanatulutse ndalama. Foni ikabedwa kapena kugwera m'madzi, zolembedwazo zipezeka kuti, ndipo zitenga masiku angati? Ndani wina angaone maina ndi manambala a anthu angongole? Lamulo la Data Protection Act la 2024 likufuna kuti wosunga mbiri za anthu ena azisamale, ndipo mndandanda wa angongole ukafalikira pa WhatsApp, yemwe adzatukwanidwe pamsika ndi mwini shopu. Pulogalamu yosunga mabuku ilibe chifukwa chofunsira PIN ya Airtel Money, Mpamba kapena ya kubanki. Ikafunsa, aichotse m'foni nthawi yomweyo.

Afunsenso ngati wogulitsayo adalembetsa bizinesi yake, ngati ali ndi TPIN ya MRA, komanso ngati amapereka lisiti. Funso lomaliza ndi lomwe ambiri amachita nalo manyazi. Wolemba pulogalamu wa luso atha kupeza ntchito ku Lilongwe kapena kukwera basi ya ku Joni chaka chisanathe, ndipo seva ikasiya kulipiridwa zonse zimazima. Asanalipire mwezi woyamba, wamalonda auze mnyamatayo kuti amuonetse, pa foni yake yomweyo, momwe angatulutsire mndandanda wonse wa katundu ndi ngongole n'kukausindikiza papepala.