Kusintha Yunivesite Pakati pa Chaka Pofuna Ntchito ya Investment Banking: Mmene Zilili ku Chongwe

Boma la Chongwe, lomwe lili kum'mawa kwa mzinda wa Lusaka m'mbali mwa msewu wa Great East Road, lakhala malo a maphunziro kwa zaka zambiri, kuyambira mu 1939 pamene sukulu yosula aphunzitsi idatsegulidwa ku Chalimbana. Sukuluyo lero ndi Chalimbana University, yunivesite ya boma yomwe mbiri yake yagona pa kuphunzitsa aphunzitsi, ndipo ku Silverest, m'boma lomwelo, kuli nthambi ya University of Lusaka, yomwe si ya boma. Chifukwa chakuti tauni ya Chongwe ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 45 okha kuchoka ku likulu la dziko, komwe kuli University of Zambia ndi ZCAS University, wophunzira amene akulakalaka ntchito ya malipiro apamwamba m'mabanki sachedwa kuganiza zochoka pasukulu yake chaka chili mkati n'kukalowa ina yomwe dzina lake limamveka kwambiri. Funso lofunika kulilingalira mofatsa n'lakuti kodi kusamuka kotere kumamuyandikizadi ku ntchitoyo, kapena kumangomudyera ndalama ndi nthawi.

Ntchito yomwe amaitcha investment banking ndi yosiyana ndi ya banki imene anthu wamba amaidziwa, yosungitsako ndalama ndi kutengako ngongole. Ogwira ntchitoyi amathandiza makampani akuluakulu ndi maboma kupeza mpamba, ndiko kuti ndalama zoyambitsira kapena kukulitsira ntchito zawo, pogulitsa masheya kapena mabondi, ndiponso amalangiza pamene kampani ikugula inzake kapena ziwiri zikuphatikizana. Sheya ndi kagawo ka umwini wa kampani, pomwe bondi ndi chikalata cha ngongole chomwe wogula amalandirapo chiwongoladzanja mpaka tsiku lobweza. Anthu a ku Zambia adaiona ntchitoyi ndi maso awo mu 2012, pamene boma lidagulitsa bondi yake yoyamba pa misika ya kunja, yokwana madola 750 miliyoni, mothandizidwa ndi Barclays ndi Deutsche Bank, ndipo idatsatidwa ndi ina ya madola 1 biliyoni mu 2014 ndi ya madola 1.25 biliyoni mu 2015. Dziko litalephera kulipira chiwongoladzanja mu November 2020, kampani ya Lazard ndiyo idali mlangizi wa boma pa zokambirana ndi eni ngongole, zomwe kwa eni mabondiwa zidatha mu 2024. Mfundo yosayenera kuiphonya pa mbiri imeneyi n'njakuti mbali yaikulu ya ntchito yolemerayi idagwiridwa ndi makampani omwe malikulu awo ali kunja kwa Zambia.

Maganizo oti munthu asinthe sukulu kuti aonedwe ndi mabanki adachokera ku New York ndi ku London, ndipo kumeneko ali ndi maziko ake. Mabanki monga Goldman Sachs, J.P. Morgan ndi Morgan Stanley amapita kukasaka achinyamata m'masukulu owerengeka, monga Wharton ya ku University of Pennsylvania, London School of Economics, Oxford ndi Cambridge, ndipo ambiri mwa olembedwa ntchito amatengedwa pakati pa amene adagwirako kwa masabata angapo patchuthi asanamalize digiri. Ku America kusankha anthu amenewa kumayamba wophunzira ali m'chaka chachiwiri, kotero amene akufuna kusamuka amathamangira kutero msanga, ngakhale pakati pa chaka, kuopa kuti mwayi ungamupitirire. Malangizo ambiri omwe achinyamata a kuno amawerenga pa intaneti adalembedwera anthu a m'maiko amenewo, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti amalandiridwa ngati kuti akunena za Lusaka.

Msika wa ku Zambia ndi waung'ono kwambiri kuyerekeza ndi umenewo. Lusaka Securities Exchange, msika wa masheya womwe udayamba malonda mu 1994, uli ndi makampani ongopitirira pang'ono 20, ndipo pamatha zaka kampani yatsopano isadalembetsepo. Mabanki monga Stanbic, Absa, Zanaco ndi Citibank ali ndi nthambi zotumikira makampani akuluakulu, pamene makampani ogulitsa masheya monga Stockbrokers Zambia ndi Pangaea Securities amagwira mbali ina ya ntchito yolangiza, koma magulu a anthu ogwira ntchito zimenezi ndi ochepa, ndipo pa malonda aakulu mabanki omwe eni ake ali ku South Africa amadaliranso akatswiri awo a ku Johannesburg. Pamene mipata ili yochepa chonchi, dzina la sukulu silikhala khomo lotsimikizika, popeza University of Zambia, Copperbelt University ndi masukulu ena onse amatulutsa chaka ndi chaka ophunzira ochuluka kuposa mipando yomwe ilipo. Wolemba ntchito amayang'ana zotsatira za mayeso, luso lowerenga mabuku a ndalama za kampani, ndi umboni woti munthuyo adagwirapo kale ntchito kwinakwake.

Apa m'pamene mtengo wa kusamuka pakati pa chaka umaonekera. Yunivesite yolandira wophunzira ndiyo ili ndi mphamvu yovomereza kapena kukana maphunziro omwe iye adachita kale, ndipo imachita zimenezi poyerekeza zomwe zidaphunzitsidwa mu kosi iliyonse ndi zomwe iyo imaphunzitsa. Kosi yomwe munthu waisiyira panjira, asanalembe mayeso ake omaliza, ilibe chotsatira chilichonse choti n'kupita nacho, kotero fizi yomwe makolo adalipira, mwina atagulitsa chimanga kapena ng'ombe, imangopita pachabe. Makalendala a masukulu nawonso sagwirizana: ena, makamaka omwe si a boma, amalandira ophunzira kawiri pa chaka, pomwe ena amalandira kamodzi, ndipo wosamuka angathe kukhala pakhomo miyezi ingapo kudikira kuti chaka chiyambe, kenako n'kuuzidwa kuti abwereze kalasi yomwe ankati wadutsa. Palinso nkhani ya ngongole ya maphunziro. Bungwe la Higher Education Loans and Scholarships Board, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2016, lakhala likuthandiza ophunzira a m'mayunivesite a boma, kuphatikizapo Chalimbana, ndipo thandizolo limaperekedwa molingana ndi sukulu ndi maphunziro omwe munthu adalembetsa, kotero wochoka pasukulu ya boma kupita ku yomwe si ya boma ayenera kudziwiratu kumene fizi yotsalayo idzachokere. Kwa banja la kumudzi, lomwe mwanayo mwina ndiye woyamba kuponda pa yunivesite, kutaya chaka chimodzi si nkhani yamasewera.

Izi sizikutanthauza kuti kusamuka n'kolakwika nthawi zonse. Wophunzira amene adalembetsa digiri ya uphunzitsi chifukwa ndiwo malo omwe adapezeka, pomwe mtima wake uli pa zachuma, ali ndi chifukwa chomveka chosinthira, chifukwa chomwe akusowa ndi maphunziro enieniwo, monga akaunti, ekonomiksi ndi masamu a zandalama. Munthu wotere amachita bwino kufunsa kaye ngati sukulu yake yomweyo ili ndi maphunziro a bizinesi omwe angalowemo osachoka, ndipo ngati n'kofunikadi kuchoka, amalize semesita kapena chaka, atenge chikalata cha zotsatira zake, alandire kalata ya sukulu yatsopano yotchula makosi omwe yavomereza, ndipo atsimikize kuti sukuluyo ndi maphunzirowo n'zovomerezeka ndi Higher Education Authority, bungwe lomwe lidabwera ndi lamulo la maphunziro apamwamba la mu 2013. Lonjezo la pakamwa lochokera kwa wogwira ntchito mu ofesi yolandira ophunzira silokwanira.

Kwa amene akuphunzira kale zachuma kapena akaunti, ndalama ndi nyonga zomwe zikadathera pa kusamuka zingagwire ntchito yaikulu kwina. Mayeso a akaunti a Zambia Institute of Chartered Accountants ndi a ACCA amalembedwa ndi aliyense woyenerera posatengera sukulu yomwe akuchokera, ndipo mayeso a ukatswiri wa zandalama a CFA, omwe ali ndi magawo atatu ndipo amalemekezedwa ku Johannesburg ndi ku London komwe, munthu angathe kuyamba gawo loyamba asanamalize digiri. Makampani omwe ali pa msika wa masheya, monga Zambeef, Zambia Sugar ndi Copperbelt Energy Corporation, amatulutsa malipoti awo a pachaka poyera, ndipo wophunzira amene waphunzira kuwasanthula pa kompyuta, n'kufotokoza ngati mtengo wa sheya ukugwirizana ndi phindu la kampaniyo, amakhala ndi choonetsa pa tsiku lofunsidwa mafunso. Mwayi waukulu wa wophunzira wa ku Chongwe ndi kuyandikira kwa Lusaka, chifukwa angathe kupempha attachment, yomwe ndi nthawi yophunzira ntchito pakampani, ku banki, ku kampani ya inshuwalansi, ku thumba la penshoni ngati NAPSA kapena ku makampani ofufuza mabuku a ndalama monga PwC, KPMG, Deloitte ndi EY, akukwera minibasi kuchokera kwawo, chinthu chomwe mnzake wa ku Chipata kapena ku Kasama sangachite popanda kulipira nyumba mumzinda.